Zimbale zatsopano za hardcore punk: munthu ayambire pati?

Wodinda Malaya, Fordsburg

Ndikupereka moni kwa abale ndi alongo nonse amene muli kuno ku Joni. Funso langa likukhudza chamba cha nyimbo chimene Amalawi sitichitchula kawirikawiri, chomwe ndi hardcore punk, nyimbo za magitala zaukali ndi zothamanga, ndipo ndikupempha amene mwakhala mukuchitsatira kuti mundiunikire pa zimbale zimene zatuluka m'zaka zingapo zapitazi.

Ntchito yanga ndi yodinda zithunzi ndi malemba pa malaya. Pakati pa makasitomala athu pali anyamata a magulu oyimba amene amabwera ndi matisheti akuda kuti tiwadindire dzina la gulu lawo, n'cholinga choti akagulitse kumalo kumene akukayimba. Mmodzi wa anyamatawa ndi amene anandimvetsera chimbale cha Glow On cha gulu la Turnstile la ku Baltimore, chimene chinatuluka mu 2021, ndipo chinandigwira mtima chifukwa ngakhale magitala ake ndi aukali komanso ng'oma zikuthamanga, muli nyimbo zimene munthu angathe kuyimbira limodzi uku manja ali pa ntchito. Chimbale chawo china cha Never Enough chitatuluka mu Juni 2025 ndinachimveranso ndipo ndinachikonda, koma nditamuuza mnyamata uja anapukusa mutu n'kunena kuti zimenezo tsopano ndi nyimbo za pa wailesi, sizilinso hardcore. Pofuna kundionetsa zimene iye amati ndi zenizeni, anandiyikira chimbale cha gulu la Knocked Loose, ndipo chimene ndinamva chinali phokoso lolemera kwambiri, woyimba akukuwa ndi mawu okwera obaya m'khutu moti sindinatolepo liwu ndi limodzi lomwe.

Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti magulu awiriwa amatchulidwa limodzi ngati a chamba chimodzi, pomwe m'makutu mwanga akusiyana kutalitali. Kodi chimawalumikiza n'chiyani? Nanga munthu amene akufuna kudziwa bwino zimene zikutuluka masiku ano, osati mayina awiri okhawa amene atchuka, ayambire pa zimbale ziti? Ndikufunanso kudziwa njira yabwino yogulira nyimbozi tili kuno, chifukwa sindikufuna kumangomvera zaulere pamene ndikudziwa kuti oyimbawo analowetsapo ndalama ndi nthawi pojambula, komabe malipiro anga si oti ndingamayitanitse katundu kuchokera ku America mwezi ndi mwezi.

Wa Besi, Braamfontein

Achimwene, mkangano umene mwaupeza kwa kasitomala wanuyo si wa iye yekha, umabuka paliponse pamene okonda chambachi akumana. Ine ndimayimba gitala ya besi, choncho ndiyankha monga munthu amene khutu lake limakhala pa zida kuposa pa mbiri ya oyimba.

Chimene chimalumikiza Turnstile ndi Knocked Loose si kamvekedwe ka nyimbo zawo, koma kumene anachokera ndi mmene amachitira akakhala pamaso pa anthu. Magulu onse awiri anakulira m'timaholo ting'onoting'ono momwe mulibe mpanda pakati pa oyimba ndi omvera, momwe aliyense angathe kukwera pansanja, kugwira maikolofoni, kukuwa mzere umodzi wa nyimbo n'kudumphira m'manja mwa anzake. Brendan Yates, amene amatsogolera nyimbo mu Turnstile, ankayimba ng'oma m'gulu la Trapped Under Ice, lomwe palibe amene angalikayikire kuti ndi la hardcore. Ndipo mu Meyi 2025, kutatsala milungu yochepa kuti Never Enough chituluke, gulu la Turnstile linayimba kwaulere pa bwalo la Wyman Park Dell kwawo ku Baltimore pofuna kusonkhanitsa ndalama zothandizira bungwe losamalira umoyo wa anthu osowa pokhala. Mukaonera kanema wa tsiku limenelo mudzaona khamu la anthu likukwera ndi kutsika pansanja popanda wowaletsa, oyimba akupitiriza nyimbo pakati pa chipiringu chonsecho.

Sindikunena kuti chimbalecho chilibe pofooka. Never Enough chili ndi nyimbo 14 ndipo chimatenga mphindi pafupifupi 45, zomwe ndi zambiri pa chamba chimene nyimbo yake kawirikawiri sipitirira mphindi ziwiri. Muli malo aatali amene magitala amakhala chete, kiyibodi n'kumalira yokha pang'onopang'ono, muli malipenga, muli chitoliro cha Shabaka Hutchings, katswiri wa jazz wa ku Britain, ndipo mu nyimbo ina mawu a Hayley Williams wa gulu la Paramore amamveka chapansipansi. Kwa ine chimbalechi chimafika pachimake pamene gululo labwerera ku liwiro lake, monga mu nyimbo ya Birds, ndipo ndimaona kuti Glow On chinalukidwa mothina kuposa ichi, popeza nyimbo zake 15 zimatha m'mphindi pafupifupi 35 popanda mpata woti maganizo a womvera asochere. Koma kunena kuti ataya mwambo chifukwa choti mu Febuluwale 2026 analandira mphoto ziwiri za Grammy, ina ya chimbale cha rock ndipo ina ya nyimbo ya Birds yomweyo, ndi kuweruza gulu potengera amene akuliwombera m'manja m'malo motengera zimene likuyimba.

Za Knocked Loose, musadandaule kuti simunatole mawu, chifukwa woyimba wawo Bryan Garris amakuwa chotero mwadala, ndipo ambiri a ife timayamba tawerenga mawuwo khutu lisanawazolowere. Gululi ndi la ku Oldham County m'chigawo cha Kentucky, ndipo ndikukhulupirira kuti chimbale chimene munamvacho ndi You Won't Go Before You're Supposed To cha mu Meyi 2024, cha nyimbo 10 zotenga mphindi zosakwana 30. Nsambo za magitala awo amazikhwefula kuti zizilira pansi kwambiri, ndipo mphamvu ya nyimbo zawo ili pa chimene oyimba amachitcha breakdown, pamene liwiro limadulidwa mwadzidzidzi, magitala ndi ng'oma ya phazi n'kumagunda nthawi imodzi, mwapang'onopang'ono koma molemera, kuti anthu pansi apeze mpata wovina. Mu nyimbo ya Suffocate, imene anayimba ndi woyimba wa ku America Poppy, pamalo amenewa anaikapo kagundidwe ka reggaeton, chamba chovinitsa cha ku Latin America, ndipo nyimbo imeneyi ndi imene anakayimba pa pulogalamu ya pa TV ya Jimmy Kimmel ku America mu Novembala 2024 n'kudzidzimutsa oonera amene anali asanamvepo zoterezi. Ndikuchenjezeni kuti nkhani za m'chimbalechi ndi zolemera, monga imfa, chisoni, mkwiyo ndiponso kulimbana ndi anthu okakamiza anzawo chipembedzo. Pachikuto pake pali mtanda wowala pakati pa mitengo, ndipo ife amene tinakulira m'tchalitchi tiyenera kuwerenga mawuwo tokha kuti tidziwe pamene tikugwirizana nawo ndi pamene tikusiyana nawo.

Ngati mukufuna chimbale choyima pakati pa awiriwa, yambani ndi Only One Mode cha gulu la Speed la ku Sydney, chimene chinatuluka mu Julayi 2024 n'kupata mphoto ya ARIA ku Australia chaka chomwecho. Ndi cholemera koma chovinitsa, mawu a woyimba wawo Jem Siow amamveka bwino, ndipo mu nyimbo ya The First Test iye amatenga chitoliro n'kuyimba pakati pa phokoso lonselo, popeza chida chimenechi anachiphunzira gululi lisanayambe. Ena mwa anyamatawa ndi ana a mabanja ochokera ku Asia, ndipo zina mwa nyimbo zawo zimakamba za kunyozedwa chifukwa cha mtundu wako m'dziko limene ukukhala, nkhani imene ife a kuno sitifunika wotitanthauzira.

Mtchona wa ku Rosettenville

Ndawerenga zimene mwana wathu wa ku Braamfontein walemba ndipo zambiri ndi zoona, koma ndikusiyana naye pa mfundo imodzi yaikulu. Magulu onse atatu amene watchula ndi amene afika kale pamwamba, ndipo munthu akayambira pamenepo amayamba kuganiza kuti hardcore ndi zimbale zikuluzikulu zotuluka kamodzi pa zaka zitatu kapena zinayi. Nyimbo zambiri zatsopano za chambachi sizituluka ngati zimbale zathunthu ayi. Zimatuluka ngati demo ya nyimbo zinayi kapena zisanu, yojambulidwa mofulumira ndi ndalama zimene anyamata asonkherana, n'kuikidwa pa kaseti kapena pa kambale kakang'ono ka galamafoni ka mainchesi 7, ndipo magulu ambiri amatha asanafike n'komwe pa chimbale chachiwiri. Choncho amene akufuna kudziwa zimene zikutuluka asamangotsatira magulu, azitsatira timakampani timene timatulutsa nyimbozi, monga Flatspot ya ku Baltimore, Triple B ya ku Boston, Convulse ya ku Denver, komanso La Vida Es Un Mus ndi Quality Control HQ za ku London. Timakampani timeneti timayendetsedwa ndi anthu ochepa kwambiri amene amasankha magulu ndi khutu lawo, moti ukakonda gulu limodzi la pa kampani ina, kawirikawiri umakondanso anzake a pomwepo.

Mwambo umenewu si wa lero. Mu 1980 Ian MacKaye ndi Jeff Nelson anayambitsa kampani ya Dischord ku Washington kuti atulutse nyimbo za gulu lawo lomwe, ndipo zikuto za mbale ankazipinda ndi kuzimata ndi manja. Mumzinda womwewo munachokera Bad Brains, anthu akuda anayi achi Rasta, amene chimbale chawo choyamba cha mu 1982 chinatuluka pa kaseti yokha, ndipo mkati mwake nyimbo zothamanga koopsa zimasinthana ndi reggae yodekha. Ndikuwatchula mwadala chifukwa Mmalawi amene anakulira pa nyimbo za Evison Matafale ndi Black Missionaries adzapeza khomo lolowera pamenepo, ndiponso chifukwa ena amatinena kuti tikutsatira nyimbo za azungu pomwe mmodzi wa mizati ya chambachi ndi anthu akuda. Zimbale zakale za Bad Brains zakhala zikutulutsidwanso kuyambira mu 2021 kamvekedwe kake katakonzedwa, kotero kuti sizovuta kuzipeza.

Pa zimbale zathunthu zaposachedwapa, choyamba chimene ndingakupatseni, achimwene a ku Fordsburg, ndi Wrong Side of Heaven cha gulu la End It, chimene Flatspot inatulutsa mu Ogasiti 2025. Gululi ndi la ku Baltimore komweko, koma silinatenge njira ya Turnstile. Nyimbo zake zambiri sizifika mphindi ziwiri, ndipo Akil Godsey amalavula mawu mothamanga koma momveka, moti mkwiyo wake pa chinyengo ndi kupanda chilungamo umakufika wosasukuluka. Chachiwiri ndi Only Constant cha gulu la Gel la ku New Jersey, chimene Convulse inatulutsa mu 2023. Chonsecho sichikwana mphindi 20, magitala ake ndi okanda, ndipo ndi chimene chili pafupi kwambiri ndi punk yeniyeni pa zonse zimene zatchulidwa pano. Gululo linatha mu 2025, zomwe zikutsimikiza zimene ndanena zakuti magulu amenewa sakhalitsa. Chachitatu, chimene ndimachilemekeza koposa, ndi Change the Way You Think About Pain cha gulu la Incendiary la ku Long Island, cha mu 2023, chimene chinabwera patatha zaka zisanu ndi chimodzi chitulukire chinzake cha mu 2017. Chifukwa cha kuchedwako n'chakuti anthu a m'gululi ali pa ntchito zina zolembedwa ndipo amayimba akapeza mpata, ndipo zimenezi zimamveka m'nyimbo zawo, chifukwa ndi za anthu akuluakulu amene sakuthamangira kutchuka koma ali ndi choti anene pa za ndale, mantha ndi mmene anthu akuchitirana nkhanza.

Knocked Loose ndimawalemekeza pa luso, koma khutu langa limawaika kufupi ndi metal kuposa punk, ndipo kasitomala wanu uja sanachite bwino kukupatsani iwowo ngati muyezo wa zenizeni. Muyezo umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi wina. Nyimbo ya hardcore inapangidwa kuti wina atsogolere ena avomere, monga zimakhalira pa gule kwathu pamene nyimbo siikwana ngati ovomera ali chete. N'chifukwa chake chimbale chokha sichikwanira kuweruzira gulu. Pa YouTube pali makanema ambirimbiri a hate5six, amene amajambula Sunny Singh wa ku Philadelphia, oonetsa magulu akuyimba kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Mukamva chimbale chatsopano, kafufuzeni gululo kumeneko, ndipo muyang'ane ngati anthu a kutsogolo akudziwa mawu n'kumalimbirana maikolofoni, kapena angoima atakweza mafoni.

Pa nkhani yogula, njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo. Kumeneko mumamvera kaye nyimbozo, ndipo mukakhutira mumalipira ndi khadi la kubanki n'kuzitsitsa kuti zikhale zanu mu foni, osafunikanso deta pomvera, zomwe zimathandiza mukakhala pa tekisi kapena magetsi akathima. Ma demo ambiri amawaika pa mtengo woti wogula atchule yekha. Bandcamp imatengapo 15 pa 100 iliyonse pa nyimbo zotsitsa, koma kuyambira mu Malichi 2020 pamakhala masiku ena a Lachisanu pamene imasiya gawo lake kuti lipite kwa oyimba ndi makampani awo, choncho ngati mwasunga kangachepe ndi bwino kudikira tsiku lotero. Zoyitanitsa mbale za galamafoni kuchokera kunja muziganizire mofatsa, chifukwa ndalama yotumizira nthawi zambiri imafanana ndi mtengo wa mbaleyo kapena kuuposa, ndipo phukusi likafika kuno pamakhalanso msonkho. Ife amene timazifunabe timagwirizana anthu angapo n'kuyitanitsa phukusi limodzi.

Mlongo wa ku Randburg

Bambo a ku Rosettenville ndi achimwene a ku Braamfontein, zikomo chifukwa cha mayankho ozama. Ndikufuna kuwonjezera zimbale ziwiri zimene simunatchule, kenako ndinene za kuno, chifukwa takamba za Baltimore ndi Sydney ngati kuti mumzinda uno mulibe oyimba.

Choyamba ndi Diaspora Problems cha gulu la Soul Glo la ku Philadelphia, chimene kampani ya Epitaph inatulutsa mu Malichi 2022. Papita zaka zingapo chitulukire, koma pa zonse zimene ndamva m'nyengo ino palibe chimene chimandilankhula ngati chimenechi. Pierce Jordan amalemba mawu ochuluka kwambiri moti amawapanikiza m'nyimbo ngati mpweya umuthera, ndipo nkhani zake ndi kusowa kwa ndalama, mabala ochokera m'banja, matenda a maganizo, andale amene amakumbukira anthu nthawi ya chisankho yokha, komanso kukhala munthu wakuda pakati pa omvera amene ambiri ndi azungu. Gululo limachoka pa hardcore yothamanga n'kulowa mu rap, kenako malipenga n'kubuka pamene sumayembekezera. Njira yabwino yochimvera ndi kukhala pansi madzulo, mahedifoni ali m'makutu, mawu ake muli nawo pa foni, n'kumatsatira ndi chala mzere ndi mzere, kubwereza pamene woyimba wakusiyani m'mbuyo. Munthu amene amatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse uku iye akugona ndi nkhawa ya lendi adzapeza mizere imene idzamuimitsa.

Chachiwiri ndi Are We All Angels cha gulu la Scowl la ku Santa Cruz, cha mu Epulo 2025. Chimbale chawo choyamba cha mu 2021, How Flowers Grow, chinali chachifupi ndiponso chokuwa pafupifupi chonse, pomwe mu chatsopanochi Kat Moss amayimba ndi mawu osalala m'nyimbo zambiri ndipo magitala afewa. Ineyo ndimakonda choyambacho, ndipo sindibisa. Koma ndinaona kuti mawu amene gululi linanyozedwa nawo pa intaneti litayamba kutchuka anali owawa kuposa amene magulu a amuna okhaokha analandira atasintha chimodzimodzi, ndipo zimenezi ziyenera kutichititsa manyazi ife okonda chambachi. Mkazi akagwira maikolofoni pansanja, atsikana amene kale ankaima kumbuyo atagwirizira zikwama za anzawo amasendera kutsogolo, ndipo ndaziona ndi maso anga ngakhale m'timaholo ta kuno.

Tsopano za kuno. Mu 1978, patangopita zaka ziwiri ana a sukulu ataukira boma la tsankho ku Soweto, mu Johannesburg munabadwa gulu la National Wake, momwe munali Ivan Kadey ndi abale awiri a ku Soweto, Gary ndi Punka Khoza. Akuda ndi azungu kuyimba m'gulu limodzi nthawi imeneyo kunali kuputa apolisi, ndipo chimbale chawo chimodzi chokha cha mu 1981, chosakaniza punk, reggae ndi funk, sichinapatsidwe mpata woti chifike kutali. Nyimbo zawo zinasonkhanitsidwanso mu 2013 ndi kampani ya Light in the Attic pa chimbale cha Walk in Africa 1979-81, ndipo aliyense wokhala mumzinda uno amene amakonda punk ayenera kuchimva. M'zaka zaposachedwapa moto wayakanso ku Soweto komweko, kumene gulu la TCIYF linaphuka pakati pa anyamata osewera skateboard, ndipo iwo pamodzi ndi anzawo a Soweto Rock Revolution akhala akukonza zoyimba m'lokeshoni momwemo m'malo modikira kuitanidwa kumabala a m'tauni. Pambuyo pawo pabwera magulu ena monga Twenty One Children. Kumbali ya hardcore yolemera, dzina la Truth and Its Burden ndi lodziwika kwa amene akhala akutsatira zoyimba za mu Johannesburg. Ngakhale chikondwerero cha Afropunk, chimene chinayambira ku Brooklyn, chinachitikapo pa Constitution Hill kuyambira mu 2017 mpaka 2019.

Nyimbo zatsopano za magulu a kuno simudzazimva pa wailesi, ndipo zina sizifika n'komwe pa Spotify. Zimapezeka pa Bandcamp, pa YouTube, ndiponso pa katebulo kamene kamaikidwa pafupi ndi khomo tsiku la zoyimba, pamene pamakhala matisheti, tizikwangwani tomata ndi ma CD owotcha okha. Gulu laling'ono limapeza ndalama ya petulo ndi ya situdiyo kuchokera pa matisheti amenewo kuposa pa nyimbo zomvera pa intaneti. Inu achimwene muli pamalo abwino kuposa tonsefe, chifukwa oyimbawo amabwera okha pakhomo la ntchito yanu. Afunseni zimene ajambula posachedwapa ndi tsiku limene akuyimba.

Wodinda Malaya, Fordsburg

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Ndamvera Speed, End It ndi Soul Glo monga munandilangizira. Chimene chandikhala bwino msanga ndi cha End It, chifukwa ndikutha kumva mawu ndipo nyimbo zake sizizungulira. Cha Soul Glo ndachiyamba mawu ali m'manja monga ananenera achemwali a ku Randburg, ndipo ndaona kuti ndi chofuna nthawi, choncho ndikuyenda nacho pang'onopang'ono. National Wake yandidabwitsa, chifukwa sindinkayembekezera kuti nyimbo zotere zinkayimbidwa mumzinda uno zaka zoposa 40 zapitazo.

Ndatsala ndi nkhawa imodzi. M'makanema a hate5six ndaona anthu akuzunguza mikono, kuponya miyendo ndi kugundana mwamphamvu, moti kwa munthu wachilendo zikuoneka ngati ndewu. Ine ndine mlendo m'dziko la eni, ndipo sindikufuna kupezeka pamalo pamene apolisi angaitanidwe. Kodi zoyimba za kuno zimakhalanso chomwecho, ndipo munthu amene akufuna kungomvera angapite popanda kulowa m'mavuto?

Wa Besi, Braamfontein

Achimwene, zimene mwaonazo ndi kavinidwe kotchedwa mosh, ndipo ngakhale kamaoneka koopsa kali ndi malamulo ake amene aliyense amawadziwa. Ovina amakhala pakati, patsogolo pa nsanja, ndipo amene sakufuna kuvina amaima m'mbali kapena kumbuyo, kumene palibe amene angawakokere mkati. Wina akagwa, oyandikana naye amamudzutsa nthawi yomweyo, ndipo akavulala gulu limaimitsa nyimbo mpaka atathandizidwa. Munthu amene wabwera ndi cholinga chomenya anzake amatulutsidwa, nthawi zambiri ndi omvera anzake omwe. Sindinganene kuti ngozi sizichitika, chifukwa chigongono chimatha kukupeza ngati waima m'mphepete mwa bwalolo osayang'ana, koma zoyimba za kuno zimakhala za anthu ochepa amene ambiri amadziwana, ndipo kavinidwe kake n'kofatsa poyerekeza ndi zimene mwaona ku America.

Chimene muyenera kusamala kwambiri ndi makutu anu ndi ulendo wobwerera. Gulani zotsekera m'makutu za siponji ku famase, zimene ndi zotsika mtengo, chifukwa phokoso la m'chipinda chaching'ono limasiya makutu akulira mpaka m'mawa, ndipo likabwerezedwa kawirikawiri limawononga kumva kosabwezeka. Zoyimba zambiri zimatha matekisi atasiya kuyenda, choncho konzeranitu galimoto yokutengani kapena pitani ndi makasitomala anuwo kuti mukabwerere limodzi. Mapepala anu akhale m'thumba monga mwa masiku onse, ndipo mutenge ndalama yapamanja pang'ono chifukwa si tebulo lililonse limene limakhala ndi makina a khadi.

Popeza End It yakukhalani bwino, chotsatira chikhale kachimbale kawo ka Unpleasant Living ka mu 2022, kamene kanawatchukitsa. Mukatha pamenepo mumvere New Lords cha gulu la Mindforce, chimene Triple B inatulutsa chaka chomwecho, ndi Living Proof cha gulu la Drain cha mu 2023. Ziwirizi zili ndi magitala othamanga a mtundu wa thrash, ndipo mukadzazizolowera mudzabwererenso ku Knocked Loose kuti muone ngati khutu lanu layamba kutola zimene linaphonya poyamba.